Sowo ya Magweru

Kwathu ku Kartarpur, bambo amene akukwatitsa mwana wamkazi salandira kanthu kwa achimuna, ngakhale madzi akumwa. Tsoka la a Gurbachan, mmisiri wa matabwa, linali lakuti sitolo yokhala ndi masowo a makina inali ya a Mohinder, bambo a mkamwini wawo. Ukwati unali Lamlungu, koma matabwa a bedi la mwana wawo Simrat anali asanang'ambidwe.

"Asewere! Lowani, tiyi ali pamoto," anatero a Mohinder.

"Tiyi wanu? Mundithirenso nyama, ndiitane ndi akumpanda adzaonere."

"Nyama palibe. Koma ndingatume."

A Gurbachan anayang'ana kudenga, nakonza nduwira yawo. "Ndabwera ngati wogula. Ndikufuna sowo yong'ambira matabwa mlitali. Yotchipa."

A Mohinder anatsitsa sowo yozungulira, mano ake akuluakulu, otalikirana.

"Iyi ndiye yake."

"Ii! Agogo awa mwawatenga kuti? Magweru okhaokha! Amadya phala?"

"Amadya matabwa, asewere."

"Nanga iyo yapamwambayo, ya mano ngati ng'ona?"

"Imeneyo ndi yodulira mopingasa. Mtengo ndi umodzimodzi."

"Umodzimodzi! Ino mano makumi awiri, iyo makumi asanu ndi atatu, inu n'kundipatsa yochepayo. Chibale chayamba bwino."

"Zikomo," anatero a Mohinder, akumwetulira. "Koma ya mano ambiriyo ikamatsata mlitali, utuchi umasowa potulukira. Imatentha, thabwa n'kupsa m'mbali."

"Basi izuleni mano enawo, ipume bwino."

A Mohinder anaisuzumira sowo ya ng'onayo mofatsa, natsegula kabati. "Pulayala ndili nayo, koma tingafike Lamlungu tikuzulabe."

"Bwezani chitsulocho, abale! Ya magweruyi ndi zingati?"

"Marupi mazana asanu ndi anayi."

"Ha! Ndi sitolo yomwe, kapena sowo yokha?"

"Sowo yokha. Sitolo sindikugulitsa."

"Tsitsani."

"Mazana asanu ndi awiri."

"Mwatsitsa kapena mwatsokomola?"

"Chabwino, ingotengani. Ife ndi amodzi tsopano."

A Gurbachan, amene anali atanyamula sowo ya magweru ija, anaiponya patebulo ngati yawaotcha. Anasuzumira kukhomo, natsitsa mawu.

"Mukufuna kundipha? Mawa msika wonse uzinena kuti Gurbachan anadya za kunyumba kwa mwana wake? Simrat azikayenda bwanji pamaso pa apongozi ake aakazi?"

"Ndi miyendo, ngati kale."

"Nenani mtengo!"

"Mazana asanu ndi anayi."

"Wakuba!"

"Asanu."

"Mwatsitsiranji msanga chonchi? Chifukwa ndine sewere wanu?"

"Eya."

"Kwezani!"

"Asanu ndi anayi."

"Mulibe manyazi, munthu wa ndevu zoyera?"

A Mohinder anakanda ndevuzo, nazipenya. "Asewere, ndithandizeni. Ndikakweza ndine wakuba, ndikatsitsa ndine wakupha. Ndiime pati?"

"Mundione ngati mlendo. Munthu wongotsika basi, wosamudziwa, wankhope yosakusangalatsani."

"Zankhopezo sizivuta. Koma mlendo sindimuuza zambiri. Akaloza ya mano ambiri, ndimamukulungira, azikaotcha matabwa ake."

A Gurbachan anasuzumiranso sowo ya magweru ija. Kenaka maso awo anatong'oka.

"Ndiye kuti za utuchi zija mwandiuza chifukwa cha chibale?"

"Eya."

"Ulere?"

"Ulere."

"Mayo ine! Ndalandira kale! Ndakana tiyi, ndameza malangizo!"

"Sanali ambiri."

"Ndikubwezerani pompano. Sindinamve kanthu. Ndipatseni ya ng'onayo."

"Ipsereza bedi."

"Mukupitiriza kundipatsa! Tsekani pakamwa!"

A Mohinder anatseka pakamwa, koma anayamba kukupiza dzanja pamphuno ngati akuthamangitsa utsi.

"Ndi manja omwe musandilangize!"

"Matabwa ake ndi a mtengo wanji?" anafunsa a Mohinder. "Kufunsa si kupatsa."

"A tahli. Mtengo umene ndinabzala chaka chimene Simrat anabadwa. Wina ndilibe."

"Ndiye akapsa?"

"Akapsa mudzagonapo inu, muziwotha."

"Bedi ndi la ana, asewere. Ine langa lilipo."

A Gurbachan anawerenga ndalama, natenga sowo ya mano ambiri, naikwapatira m'khwapa ngati munthu wopambana mlandu. Atafika pakhomo, a Mohinder anawaitana mokoma mtima kwenikweni.

"Pitani bwino, ndipo musade nkhawa. Matabwa a tahli ndili nawo kuseri, ouma bwino. Anuwo akapsa, ndikutumizirani."

A Gurbachan anaima, mwendo uli m'malere. "Mutumiza?"

"Pangolo ya Fauja. Ulere."

"Fauja uja amaimba mumsewu?"

"Yemweyo. Ndimuuza afike masana, azifuula dzina lanu kuti asasochere. Ndimangirira ndi kansalu kofiira, anthu adziwe kuti ndi mphatso."

"Ndikakana?"

"Awatula pakhomo panu. Simrat sangalowe m'banja ndi bedi lamakala."

A Gurbachan anabwerera pang'onopang'ono. Kukhomo kunali kutaima kale wogulitsa utoto ndi telala, makutu ali tcheru. Anaika sowo ya ng'ona patebulo, naloza inzake ija ndi chala osaiyang'ana.

"Kulungani agogowa."

"Pamtengo uti, asewere? Wachibale kapena wa mlendo?"

A Gurbachan anapisanso m'thumba, nayankhula mokweza kuti telala amve.

"Wa mdani. Ndipo muonjezepo kangachepe, anthu akuona!"