Mizu Yonunkha Mowa

Pamalo odikirira basi, mayi wina wovala zakuda anafungatira chidebe momwe munali mtengo waung'ono wa ndimu, wofota. Bambo wogulitsa mbande, yemwe sankadziwana naye, anasuzumiramo.

"Mayi, chidebechi munaboola pansi?"

"Ndiboole chidebe chabwinobwino? Madzi azitayika?"

"Mumathirira kangati?"

"Katatu pa tsiku. Masamba atayamba kufota ndinawonjezera. Anaudzala malemu amuna anga. Ndi chokhachi chimene abale awo andisiyira pondithamangitsa m'nyumba."

"Tauzulani pang'ono, mununkhize mizuyo."

"Iii! Fungo la mowa wosasa!"

"Eya. Mizu imapuma ngati ife, mpweya imaupeza m'timipata ta dothi. Madzi akadzaza timipatato imabanika, ndiye imayamba kusasitsa shuga wake kuti ipezeko timphamvu. Zotsalira zake ndi mowawo. Imapirira masiku ochepa, kenako imawola."

"Nanga kufotaku si ludzu?"

"Ludzu ndithu. Muzu wowola sumwa, ngakhale uli m'madzi."

"Ndiye pamene ndimati ndikuupulumutsa, ndimaumiza m'madzi?"

"Ukanakhala mpunga ukanapirira, uli ndi timibowo totsitsira mpweya kumizu. Mtengo wa ndimu ulibe."

"Musandiuze za mpunga, bambo inu! Uchira kapena ayi?"

"Muzu woyera palibe, mayi. Yonse yada. Pepani."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndinkalimbana ndi fungo limeneli m'nyumba, mpaka linawatenga amuna anga. Lero ndalifulula ndekha, ndi manja angawa."

"Basi ija yafika. Chisiyeni pano chidebecho, ndikutayirani."

"Chotsani dzanja lanu! Eni ake ndinkawanyamula akununkha chonchi. Ndinyamulanso uwu."