Lole ya Njerwa

Chaka chija dizilo atasowa, Che Atumani analumbira pa Mangochi kuti lole yawo ya matola siilira isanadzaze, anthu nawo n'kulumbira kuti sachoka pamthunzi wa mango injini isanalire. Pakati pa malumbiro awiriwa panatsamwa Basil, mphunzitsi wa masamu: ankapita ku Namwera kukafunsira mbeta, dzina lake Ruti, ndipo amalume ake a mtsikanayo anali atanenetsa kuti dzuwa likapendeka, mkamwini wochedwa sakumufunanso.

"Che Atumani, vuto lanu ndi lozungulira," anatero Basil, akujambula pansi ndi kamtengo. "Inu mukudikira anthu, anthu akudikira inu. Tiyerekeze njerwa iyi ndi lole yanu."

"Yanga ndi iyo apo, aphunzitsi."

"Ndati tiyerekeze!"

"Matayala ali kuti?"

"Alipo, m'maganizo. Timiyala iti ndi anthu okwera."

Che Atumani anawerama, n'kutiyang'anitsitsa. "Makhadi a chipani ali nawo? Ine za kutsitsidwa panjira ayi."

"Ali nawo onse!" Basil thukuta linali kamukamu, koma munthu wa masamu kugonja sadziwa. Anajambula mzere wozungulira. "Mukamanyamuka pa nthawi yodziwika, anthu azolowera, lole izidzaza msanga, dizilo osawonongeka, utsi n'kuchepa. Muvi uwu ukubwerera pomwe unayambira."

"Ndiye ku Namwera sitifika?"

"Ndi muvi chabe!"

"Wallahi, kuwotcha dizilo kuzungulira bwalo! Nanga aka mwakasiya pambalika?"

"Ndi mayi wa nsomba amene watopa, wapita pa njinga."

"Anditayitsa! Ndani? Abiba?" Che Atumani anatembenukira kumthunzi, manja m'chiuno. "Abiba, ndakulakwirani chiyani ine?"

Abibayo anadzambatuka ndi dengu lake kudzakana mlandu. Kumene kuli phokoso anthu sachedwa: mthunzi wonse unakhuthukira pamenepo. Akumbuyo posaona bwino njerwayo anayamba kukwera lole kuti asuzumire ali pamwamba, aliyense ndi katundu wake, poopa akuba.

Basil sanadzutse mutu. "Tsono onani, timiyala tonse takwera. Masamu sanama!"

"Eetu," anatero Che Atumani, maso ali kwina.

"Mwamvetsa?"

"Ndaona."

Injini inalira. Basil anadzidzimuka, n'kupeza lole yadzaza mpaka mbuzi kusowa popondera. Chimwemwe chinamugwira, anathamangira kuchitseko jekete ili m'manja.

"Mwaona? Ndinanena ine! Tsegulani!"

"Malo atha, aphunzitsi."

"Che Atumani, mbeta yanga! Ndakudzazirani ndine!"

Che Atumani anatulutsa mutu pawindo, n'kuloza pansi mwaulemu wonse.

"Musadandaule. Kwerani yanu ija. Paja matayala munati ili nawo."