Setifiketi ya a Zaumoyo Analandira Ndi Wina

Ndine mayi wa kwa Mavwere kuno ku Mchinji, ndipo ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawabe.

Kwathu kuli amayi a zaumoyo amene akhala akutiyezera ana pasikelo kwa zaka zambiri, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Mwezi watha akuluakulu ochokera kuboma anabwera kudzawapatsa setifiketi yowathokoza. Koma pa masiku onse anasankha tsiku la sikelo, tenti yawo n'kuikhoma pansi pa mtengo wa mango pomwe timapachika sikeloyo.

Zolankhula zinayamba. Aliyense woimirira ankayamba walemekeza kaye alendo mmodzimmodzi, mpaka dzuwa linafika paliwombo, ana akulira ndi njala. Mkazi wa tenanti wina wa ku esiteti ya fodya anadzuka kuti azibwerera, mwana wake wowonda asanayezedwe. A zaumoyowo atamuona anazemba pampando, n'kukapachika sikelo kuseri kwa tchalitchi.

Dzina lawo litaitanidwa ndinathamanga kukawauza kuti, "Amayi, akukuitanani kutsogolo."

"Auzeni adikire pang'ono," anatero. "Mwanayu watupa mapazi, ndikumulembera kalata ya kuchipatala."

Sanadikire. Akuti galimoto inali ndi ulendo wina. Apampando a komiti ya m'mudzi anavala jekete, n'kulandira setifiketiyo m'malo mwa eniake, n'kujambulitsa akumwetulira. Mpaka lero ili pakhoma kunyumba kwa apampandowo.

Inu okonza miyambo yothokoza, ife tinadikira zolankhula zanu theka lonse la tsiku. Inu munalephera kudikira mwana mmodzi.