Mamailosi a Msewu wa Feira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi wanga Esinati, nthawi ya nkhondo ya m'malire, Luangwa ikutchedwabe Feira.

Tinali titaika kale ana awiri m'manda, onse anafera pobadwa kunyumba. Pa mimba yachitatu anamwino anatiuza mosapita m'mbali kuti akachilire ku chipatala cha Katondwe, apo ayi tidzataya ndi mayi yemwe. Koma kupita kwake nanga? Oyendetsa mamotoka ankaopa mabomba okwirira mumsewu, moti sabata inkatha osaona ngakhale lole. Ndinkapemphera ndithu, koma kunena zoona mtima wanga unali utafooka.

Ndinagulitsa bwato ndi maukonde kuti ndigule motoka yangayanga, poti kuyendetsa ndinaphunzira ku migodi. Zogulitsa zinalipo ziwiri. Ina inali ya amayi Njobvu, mayi wamasiye wa pa Boma, yofiira, yaliwiro ngati ya mpikisano, mamailosi ake ochepa zedi. Inayo inali ya mphunzitsi wochokera ku Lusaka, yothamanganso, koma mita yake ya mamailosi itazungulira mpaka kuyambiranso. Ine maso anangoti dwii pa yofiira ija. Kwathu tinkadziwa chimodzi, kuti mamailosi ochepa ndiye kuti motoka ndi yatsopano.

Tsiku lokalipira, amayi Njobvu anandifunsa chimene ndinkaifunira. Nditawauza anati, "Bambo, ndalama ndikuzifuna, koma musagule. Mamailosi awa ndi ochepa, koma onse ndi a msewu wathu wa miyalawu. Ndipo chimwalirire amuna anga yangokhala pansi pa mtengo, mipira yake yonse yaola." Anandiuzanso kuti ya aphunzitsi inkayenda pa tala, ndipo mwini wake sankadumphitsa kusintha oilo.

Ndinachoka nditakhumudwa, ndikung'ung'udza njira yonse. Komabe ndinagula yokalambayo, asodzi anzanga akundiseka kuti ndakwatira agogo.

Esinati matenda anamuyamba masana, mfuti zikumveka kutsidya kwa mtsinje. Motoka ija inalira nditangopotokola kiyi, ndipo sinazime mpaka pakhomo la chipatala. Adokotala anamuchita opaleshoni nthawi yomweyo, nandiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikanalira maliro awiri. Yofiira ija anaigula wamalonda wina, ndipo ulendo woyamba womwe inafera panjira, inakhala masiku patchire.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi wosowa, amene anakankha ndi dzanja lake ndalama zoti adyetse ana ake. Inu amene mwatopa ndi kudikira, musaleke kupemphera, ngakhale yankho litabwera losawala m'maso. Esinati ali moyo mpaka lero. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo ndi amene wandilembera mawu awa, chifukwa maso anga anafooka.