Chikwama cha Mkamwini

Pamsika wa Nsaru, pafupi ndi siteji, bambo wina ankakoka malamba a chikwama chobereka kumsana pamulu wa kaunjika. Mayi amene ankasankha nsapato pambali pake anayamba kumulankhula.

"Bambo, mudula malambawo. Chakulakwirani chiyani?"

"Ndikufuna cholimba, mayi. Kodi minibasi ija yadzaza?"

"Sinadzaze. Tengani chachikulu icho, zipi yake njachitsulo."

"Chachikulu amachiponya kubuti. Ine ndikufuna chofukata pamiyendo mpaka ku Kasiya."

"Mukukacheza?"

"Ndikubwerera kwathu. Ndinali mkamwini kuno, banja latha dzulo."

"Pepani. Ndiye katundu yense akwana m'kachikwamako?"

"Nyumba ndinamanga pamalo a apongozi, mango ndinadzala pomwepo. Zanga ndi malaya ndi jekete basi."

"Nanga ana?"

"Ana ndi akuchikazi, inunso mukudziwa. Yaliza hutala ndi yomweyo, eti?"

"Si yanu imeneyo, khazikani mtima pansi. Koma malaya okha, jumbo siyokwanira? Mukuvutikiranji ndi malamba?"

"Lero chipita chopepuka, mayi. Koma mwezi ndi mwezi chizibwera kuno chodzaza. Kamtsikana kanga kamakonda mbatata za kwathu."