Sindidula Riboni Chikwangwanicho Chili Pakhomo

Olemekezeka Dokotala Ilangovan, mwini chipatala chino. Olemekezeka akhansala athu a mzinda uno wa Thoothukudi. Madokotala, anamwino, ndi inu makolo mwakhala kumbuyoko ana ali pamiyendo, ndakupatsani moni.

Mwandiitana ine Vasanthi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ana olumala, kuti nditsegule chipinda cha okosijenichi. Ndathokoza. Abale athu omira pansi pa nyanja kukatola nkhono akadwala povuuka achipeza pafupi, odwala shuga a zilonda zosapola apindula nacho. Koma pakhomopo ndaona chikwangwani cha mwana akumwetulira, chonena kuti osalankhula adzalankhula. Pamenepo mwandiputa dala.

Mwana wanga Kayalvizhi, amene sankalankhula, ndinamulowetsa m'chipinda chotere, kuchipatala china, ali ndi zaka zisanu. Chomwe chinkamukhazika mtima pansi m'mawa uliwonse chinali kumudzoza mafuta a kokonati m'tsitsi ndi kumuluka. Achipatala anatiletsa, akuti mafuta ndi okosijeni zimabutsa moto. Ankalowa tsitsi lili gwa, atayamba kale kulira.

Chitseko chikatsekedwa ankakuwa, akudzimenya kumutu. Ndinauza namwino kuti, "Akka, achemwali, tsegulani, mwanayu akuvutika!"

Iye anaseka. "Amayi, inunso mantha! Kukuwako ndiye kuti ubongo ukudzuka. Mukufuna alankhule kapena ayi?"

Ndinakhala pansi, ine mayi wake, n'kumamuombera m'manja pagalasi la chitseko. Si ubongo umene unkadzuka. Mpweya unkamufinya m'khutu, ndipo analibe mawu oti anene kuti kukupweteka. Ulendo wachisanu ndi chinayi anatuluka magazi akuchucha kuchokera m'khutu mpaka pakhosi. Mpaka lero ndimadzida.

Ofufuza sanapeze umboni wokwanira woti chipindachi chimachiza ana otere. Inu a Dokotala mukudziwa zimenezi kuposa ine. Musayang'ane pansi. Sizasi ndagwira kale, koma sindidula riboni chikwangwanicho chili pakhomo. Akhansala, imwani tiyi wanu, ndidikira.

Eya, a Dokotala, chitsitseni bwino chikwangwanicho. Mwachita chaulemu.

Tsopano, ndi ulemu wonse umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa kwa odwala amene chingawathandizedi. Makolo, ana anu asalowemo chifukwa cha lonjezo la pakhoma. Kayalvizhi ali pampando wachitatuwo, wavala sari yobiriwira. Mukafuna kumupatsa moni, muime kudzanja lake lamanja. Khutu lakumanzere silimva.

Zikomo kwambiri, nonse.