A Tochi ndi Chidutswa cha Filimu Chimene Anachibwezera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, amene agona patsogolo pathuwa ndi bambo athu aakulu, amene tawuni yonse inkawadziwa kuti a Tochi. Anabadwa m'chaka cha 1941, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaphunzira ya mpingo mpaka sitandade 6, ndipo kumeneko ndi kumene anayambira kuimba besi m'kwaya.

Ali ndi zaka 19 analembedwa ntchito pa holo ya kanema, yolondolera anthu pamipando ndi tochi. Dzina lija linachokera pamenepo. Masiku amenewo m'holomo munali chingwe. Anthu a khungu loyera ankakhala kumbuyo pamipando ya khushoni, a khungu lakuda pamabenchi akutsogolo, ndipo wolondera chingwecho anali malemuwa. Ankatiuza kuti munthu mnzawo akafuna kudutsa chingwecho, iwo ankamuunika kumaso n'kumubweza.

Anakwatira mayi athu aakulu mu 1964, ukwati wa kutchalitchi. Chaka chomwecho anakwezedwa kupita m'kachipinda kapamwamba koonetsera filimu. M'menemo anadziwana ndi a Makaniko, mzungu wokonza makina, wosauka ngati ife tomwe. Kapu inalimo imodzi yokha, yachitsulo, yothyoka chogwirira. Masana ankakhoma chitseko n'kumamwera tiyi m'kapumo mosinthana, khutu lili ku masitepe, pakuti bwana wa holoyo akanawapeza, onse awiri ntchito ikanatha. "Iwe Tochi, wamwa tiyi yense, ine wandisiyira masamba," ankadandaula a Makaniko. Malemu ankayankha kuti, "Kunjaku mumamwa zapamwamba. Muno lawaniko zapansi."

Kenaka kunabwera filimu ya anthu awiri ogwira ntchito mumgodi, kapitawo woyera ndi wokumba wakuda. Koyambirira kapitawoyo ankamenya ndi kutukwana mnzakeyo. Mgodi utawagumukira, wakudayo anamufukula, ndipo awiriwo anamwera madzi otsiriza m'chikho chimodzi. Bwana ataionera, analamula kuti gawo la chikholo lidulidwe. Malemu anadula ndi lumo n'kumata filimuyo, koma chidutswacho sanachitaye. Anachipinda n'kuchibisa m'chikwama cha buku lawo la nyimbo.

Motero anthu anaona zibakera zokha, chikho osachiona. Loweruka, filimu ya masana itatha, owonera ena olusa anakumana ndi a Makaniko pachipata, nawagenda mpaka kuwaboola mutu. Malemu anaonera pazenera. Sanatsike. Mayi akuti sabata yonseyo chakudya sichinalowe, malemu ankangoti, "Mwala uja ndinawapatsa ndine, ndi lumo langa."

Loweruka lotsatira anapemphera chogwada pambali pa makina, n'kubwezera chidutswacho m'malo mwake. Chikho chitaoneka pansalu, holo yonse inachiona, mbali zonse ziwiri za chingwe. Malemu anangomva mapazi a apolisi akukwera masitepe. Anatengedwa, nasungidwa masiku khumi ndi anayi kumalo amene sanafune kutiuza, ndipo ntchito inathera pomwepo.

Pambuyo pake anakhala wokonza mawayilesi, ndipo anatumikira monga mkulu wa mpingo zaka makumi atatu. Chingwe chija chinachotsedwa, holo inasanduka sitolo, koma mantha sanawachoke. Tonse a m'banja tikudziwa kuti kwa a Tochi sitinkagogoda. Tinkayamba nyimbo ya Mulungu tili pabwalo, kuti adziwe kuti ndife. A Makaniko okha, poti mawu oimbira sanadalitsidwe nawo, ankaimba mluzu.

Anayamba kudwala mtima chaka chatha. Masabata atatu apitawo anagonekedwa m'chipatala, kumene phazi lililonse m'khonde linkawadzidzimutsa. Ankagwira dzanja la mayi n'kufunsa ngati anthu aja abweranso kudzawatenga. Anayamba kukana mankhwala ndi madzi omwe, poopa manja achilendo, ndipo tinaopa kuti atisiya ali m'mantha omwewo.

Lachiwiri masana tinamva mluzu m'khonde. A Makaniko analowa atatsamira ndodo, natulutsa kapu ija m'thumba, nathiramo madzi, namwako pang'ono n'kuwapatsa. Malemu anamwa onse. "Iwe Tochi, sunasinthe, wamaliza," anatero a Makaniko. Malemu anaseka, nauza mayi kuti chitseko achisiye chotsekula. Lachitatu m'mawa Mbusa wawo wakumwamba anawaitana, ndipo mawu amenewo anawadziwa, sanadzidzimuke.

Asiya mayi athu aakulu, ana asanu, zidzukulu khumi ndi zinayi, mlongo mmodzi, ndi mchimwene mmodzi amene sanabadwe naye mimba imodzi, amene akhala kutsogoloku ndi kapu m'manja.

Kumene apita kulibe chingwe, kulibe mapazi pamasitepe. Apumule mu mtendere wa Ambuye wawo.